Khomo Limodzi, Nambala Zisanu ndi Ziwiri

Ku United States, dokotala akamaliza kuchotsa khomo la chiberekero amavula magolovesi n'kukhala pansi kulemba lipoti: mayiyu anali ndi vuto lanji, wam'ng'amba pati, wachotsa chiyani, wasiya chiyani. Lipotilo limapita ku ofesi ya mabilu, kwa kalaliki amene sanamuonepo mayi wodwalayo ndipo sadzamuona n'komwe. Kalalikiyo amawerenga masamba awiri atatuwo n'kuwafinya mpaka patsale nambala ya madijiti asanu. Kampani ya inshuwalansi, kapena boma kudzera mu Medicare ndi Medicaid, imalipira poyang'ana nambalayo. Maola amene dokotala anaimirira, thukuta limene anakhetsa polekanitsa chikhodzodzo ndi chiwalo chimene chinamatirirako, ngati sizinapeze malo m'nambala ndiye kuti kwa wolipira sizinachitike.

Nambalazi zimachokera m'buku lotchedwa CPT, ndipo mwini wake ndi bungwe la madokotala la American Medical Association, AMA mwachidule. Linatuluka koyamba mu 1966. Boma linayamba kuligwiritsa ntchito pa Medicare mu 1983, ndipo potsatira lamulo la HIPAA la 1996 linasanduka muyeso wa dziko lonse potumiza mabilu a madokotala pa kompyuta. Lero muli nambala zoposa 10,000.

Pa kuchotsa khomo la chiberekero, opaleshoni imene madokotala amaitcha trachelectomy, pali nambala zisanu ndi ziwiri. 57530 ndi ya kudula khomo lokha basi. 57531 ndi ya khansa: khomo limachoka pamodzi ndi minofu yolizungulira, ndipo dokotala amachotsanso anabere a m'chiuno mbali zonse ziwiri n'kutapako ena a pafupi ndi mtsempha waukulu wa m'mimba kuti akawayeze. Zisanu zotsalazo ndi za chitsa, khomo limene linasiyidwa dala pamene chiberekero chinkachotsedwa kale. Kuchotsa chitsacho pong'amba pamimba ndi 57540, ndipo akakonzanso minofu yochirikiza ziwalo za m'chiuno imakhala 57545. Kudzera kunjira yoberekera ndi 57550, ndipo 57555 ndi 57556 ndi za pamene wakonzanso makoma a njirayo kapena malo amene matumbo anatsikira. Pambali pa nambala ya ntchito pamayenera kukhala ina ya matenda, yochokera m'buku lina la ICD-10-CM limene America inasamukirako pa 1 Okutobala 2015: C53 ngati ndi khansa ya khomo, D06 ngati khansa isanaboole khungu la pamwamba, N87 ngati maselo angoyamba kusintha. Nambala ziwirizi zikapanda kugwirizana, bilu imabwerera.

Ambiri akamva izi amati n'kuchulutsa gaga m'diwa. Koma taonani amayi awiri amene onse anganene kuti anachotsedwa khomo la chiberekero. Woyamba ndi wa zaka makumi asanu. Anachotsedwa chiberekero zaka zapitazo chifukwa cha zotupa, khomo n'kulisiya, ndiye likumatayabe magazi kapena latsika. Wachiwiri ndi wa zaka makumi atatu, sanaberekepo, ndipo am'peza ndi khansa yaing'ono yosapitirira masentimita awiri. Kale mayi wotereyu ankangochotsedwa chiberekero chonse. Daniel Dargent, dokotala wa ku Lyon ku France, ndi amene kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anayamba kuchotsa khomo ndi minofu yozungulira n'kulumikiza chiberekero kunjira yoberekera, ndipo anafalitsa zotsatira zake mu 1994. Pakamwa pa chiberekero amamangapo ulusi wosasungunuka kuti mimba idzakhazikike. Mayiyo akatenga pakati amabereka ndi mpeni, ndipo ngozi yopita padera kapena kubereka mwana wosakwana masiku imakhala yaikulu kusiyana ndi anzake, koma ambiri abereka. Opaleshoni ya mayi woyamba ikhoza kutha ola lisanakwane. Ya wachiwiri imadya maola angapo, pafupi ndi timipaipi ta mkodzo ndi mitsempha imene kuiphonya pang'ono n'kumulemaza munthu. Kulipira ntchito ziwirizi mofanana kungakhale kubera mmodzi, ndipo n'chifukwa chake 57531 imaposa 57550 kangapo pa mtengo.

Oikira bukuli kumbuyo amakumbutsanso mmene zinalili kale. Chisanafike chaka cha 1992, Medicare inkalipira potengera mitengo imene dokotala ndi anzake a m'dera lake anazolowera kutchula. Wotchula zambiri chaka chino ankakweza malipiro a chaka chamawa. William Hsiao wa ku Harvard ndi anzake anakonza sikelo yoyezera ntchito iliyonse: nthawi yake, luso lofunika, kulemera kwa maganizo, ngozi kwa wodwala. Kuyambira 1992 nambala zambiri zili ndi mapointi ake, ndipo mapointiwo amachulukitsidwa ndi mtengo umene mu 2025 unali madola 32 ndi masenti pang'ono. Malipiro a opaleshoni yaikulu amaphatikizapo kuona wodwala masiku 90 otsatira, choncho dokotala sangatumize bilu ina pongochotsa ulusi.

Nambala zimathandizanso kugwira akuba. Mbuzi imadya pamene aimangirira, ndipo dokotala wolipidwa pa ntchito iliyonse amakhala ndi chiyeso chogawa ntchito imodzi kuti ioneke ngati zitatu. Pafupi ndi 57530 bukuli linalembapo kuti ndi ntchito yoima payokha, kutanthauza kuti silipidwa ngati yachitika mkati mwa ntchito ina yaikulu. Amene wachotsa chiberekero chonse sangatumize bilu ya chiberekero kenako ina ya khomo, poti khomolo ndi mbali ya chiberekero chomwecho. Kuyambira 1996 boma lili ndi mndandanda wa nambala zosaloledwa kuyendera limodzi, ndipo kompyuta imakana bilu yotereyi munthu asanaigwire. Kampani ya zipatala ya Columbia/HCA inalipira boma madola okwana 1.7 biliyoni kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 pa milandu yachinyengo, ina mwa iyo yokulitsa matenda a odwala pa pepala. Popanda nambala zoti ofufuza ayerekeze ndi mafayilo, mlandu wotere sukanagwira mwendo.

Phindu lina silikhudza ndalama n'komwe, ndipo kwa ine ndilo lolemera kuposa onse. M'buku la matenda muli Z90.710, ya mayi amene alibe chiberekero ndi khomo lomwe, Z90.711, ya amene alibe chiberekero koma chitsa chilipo, ndi Z90.712, ya amene alibe khomo koma chiberekero chilipo. Kusiyana kwake ndi dijiti imodzi yakumapeto. Koma mayi wa chitsa akhoza kudwalabe khansa ya khomo, ayenera kumayezedwabe ngati wina aliyense, ndipo si onse amene amadziwa kuti khomo lawo linasiyidwa. Akasamukira mzinda wina, kwa dokotala amene sanamuchitepo opaleshoni, dijiti imodziyo ingakhale chokhacho chokumbutsa chipatala kuti mayiyu aitanidwe.

Mpaka pano bukuli likuoneka loyera. Dothi lake limayamba kuoneka kalaliki akalandira lipoti lonena kuti chitsa chachotsedwa poboola timabowo pamimba n'kulowetsa kamera, kaya ndi manja kaya ndi roboti. Madokotala a amayi ku America amachita maopaleshoni ochuluka mwa njira imeneyi. Kuchotsa chiberekero chonse ndi kamera kuli ndi nambala zinayi, 58570 mpaka 58573, zosiyanitsa ngakhale chiberekero cholemera magalamu 250 kapena kucheperapo ndi choposa pamenepo. Kuchotsa chiberekero ndi kamera n'kusiya khomo kulinso ndi zinayi, 58541 mpaka 58544. Koma kubwerera kukachotsa khomo losiyidwalo ndi kamera yomweyo kulibe nambala yakeyake. Buku limene linapereka nambala zinayi zopangira chitsa silinapereke ngakhale imodzi yochizulira mwa njira yomweyo.

Lamulo la CPT limaletsa kusankha nambala yongofanako. Ndiye kalaliki amagwira nambala ya ntchito zosalembedwa m'buku, kawirikawiri 58578, imene ilibe mtengo woikika. Bilu yotere siyenda yokha pa kompyuta. Imafuna lipoti lonse la opaleshoni, kalata yofotokoza ntchitoyo, ndi nambala ina yoyerekezera kuti wolipira aone poyambira. Kenako munthu wa ku kampani ya inshuwalansi amawerenga n'kugamula, ndipo kampani iliyonse imagamula mwa iyo yokha. Ina ilipira, ina idula, ina ikana ponena kuti chilolezo chimene inapereka opaleshoni isanachitike chinali cha nambala ina. Kalaliki amakhala pakati pa dokotala amene akufuna ndalama zake mwezi uno ndi lamulo limene lingam'tche wachinyengo akalemba 57540 kapena 57550 pa ntchito imene sinadzere njira zimenezo. Mafunso a akalalikiwa pa opaleshoni imeneyi amangobwera amodzimodzi chaka ndi chaka, osati chifukwa cha umbuli wawo. Yankho lolunjika m'bukumo mulibe.

Nayo 57531 yakalamba. Imafotokoza opaleshoni yochotsa anabere onse a m'chiuno, pomwe madokotala ambiri a khansa masiku ano amabaya utoto pakhomopo, n'kutsatira anabere oyamba amene utotowo wafikako, n'kuchotsa okhawo. Njira imeneyi imachepetsa kutupa miyendo kumene kumasautsa amayi moyo wawo wonse. Koma poti dokotala sanachite zonse zimene nambala ikunena, kalaliki amayenera kuwonjezera kachizindikiro ka 52, konena kuti ntchito yachepa, kapena kusonkhanitsa nambala zingapo zimene wolipira angazikane. Dokotala amene wasankha njira yomupepukira wodwala amaoneka pa pepala ngati sanamalize ntchito. Mbali inayo kuli kachizindikiro ka 22, ka ntchito imene yavuta mopitirira muyeso, monga chitsa chomatirira ku chikhodzodzo chifukwa cha zipsera za maopaleshoni akale. Kameneka kamafunanso kalata, ndipo ngati wolipira awonjezere ndalama kapena ayi zili kwa iye.

Apa a AMA ali ndi yankho losafunika kulinyoza. Ntchito kuti ipatsidwe nambala yokhazikika iyenera kukhala yochitidwa ndi madokotala ambiri m'dziko lonselo, ndipo pakhale umboni wofalitsidwa woti imathandiza. Nambala ikatuluka ndi mtengo wake, imakhala ngati chilolezo: zipatala zimagula zida, madokotala amaphunzira, ntchitoyo imafalikira. Ndipo nkhani ya khansa ya khomo yomweyi inaonetsa kuopsa kothamanga. Kwa zaka zambiri aliyense ankakhulupirira kuti kuchotsa chiberekero cha khansa ndi kamera n'chimodzimodzi ndi kung'amba pamimba, kungoti bala limapola msanga. Mu 2018 kafukufuku wa LACC, wotsogozedwa ndi Pedro Ramirez, anatuluka m'magazini ya New England Journal of Medicine. Mwa amayi 631, amene anachitidwa ndi kamera 86 pa 100 alionse anali opanda khansa patatha zaka zinayi ndi theka, pomwe ong'ambidwa pamimba anali 96.5 pa 100. Zipatala zambiri zinabwerera ku mpeni nthawi yomweyo. Kafukufukuyo anali wa kuchotsa chiberekero chonse, osati khomo lokha, komabe munthu angamvetse chifukwa chake buku losamala silithamangira kudalitsa njira iliyonse yatsopano pa khansa.

Kungoti yankho limeneli silifika kwa mayi wa chitsa chotaya magazi, amene alibe khansa. Pa iye kamera si nkhani yoyesera. Chomwe chimam'manitsa nambala n'chakuti amayi onga iye ndi ochepa, ndipo kupempha nambala yatsopano ndi ntchito yodya nthawi ndi ndalama za mabungwe a madokotala, amene amayamba ndi maopaleshoni amene mamembala awo amachita tsiku ndi tsiku. Palinso mantha odziwika: nambala yatsopano ikalowa, nambala zoyandikana nayo zimaunikidwanso, ndipo mitengo yake ikhoza kutsika. Nthawi zina kukhala chete kumapindulitsa.

Izi zikutifikitsa kwa oika mitengo. Mapointi a nambala iliyonse amavomerezedwa ndi boma, koma amene amayamba kuwatchula ndi komiti ya AMA yotchedwa RUC, yokhazikitsidwa mu 1991, ya anthu pafupifupi makumi atatu, ambiri mwa iwo oimira mabungwe a madokotala a ukatswiri wosiyanasiyana. Komitiyi imafunsa madokotala eni ake kuti ntchito yawo imatenga nthawi yaitali bwanji ndipo ndi yolemera motani. Kafukufuku wa Miriam Laugesen ndi anzake wa mu 2012 anapeza kuti pakati pa 1994 ndi 2010 boma linavomereza 87 pa 100 alionse a malingaliro a komitiyi. Mu 2013 nyuzipepala ya Washington Post inaonetsa kuti maminitsi olembedwa pa ntchito zina anali okokomeza moti madokotala ena, powerengetsa, ankagwira maola oposa 24 pa tsiku limodzi. Oikira komitiyi kumbuyo amafunsa kuti nanga angadziwe kulemera kwa opaleshoni ndani kuposa woichita, ndipo amati poti thumba la Medicare lili ndi malire, kukweza nambala imodzi kumatsitsa zina, choncho madokotala amalonderana okha. N'zoona. Koma pa kulonderana kotereku amene ali ndi mawu aakulu ndi mbiri ya mitengo yokwera ndi amene amapambana.

Madokotala a amayi akhala akudandaula kuti iwo ali mbali yoluza. Mu 1997 Barbara Goff ndi anzake anayerekeza maopaleshoni ofanana a ziwalo za amuna ndi za akazi, n'kufunsa pa mutu wa pepala lawo ngati Adamu akadali wamtengo kuposa Hava. Anapeza kuti pa maopaleshoni ambiri zinalidi choncho. Ofufuza ena atabwereza ntchitoyo ndi mitengo ya 2015 anapeza kuti maopaleshoni a amuna ankalipidwabe kwambiri, pafupifupi 28 pa 100 kuposa anzawo a akazi. Otsutsa amati kuyerekezaku n'kovuta, poti palibe chiwalo cha mwamuna chofanana ndendende ndi cha mkazi. Mfundoyi ili ndi mutu, koma siifotokoza chifukwa chake sikelo imangopendekera mbali imodzi. Ndipo zotsatira zake sizithera m'thumba la dokotala. Chipatala chimagawa nthawi ya m'chipinda cha opaleshoni poona mapointi amene dipatimenti iliyonse imabweretsa.

Mtengo wa makina onsewa nawo si wamasewera. Kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya JAMA mu 2018 anayeza pa chipatala china chachikulu cha yunivesite ndipo anapeza kuti kukonza bilu ya opaleshoni imodzi ya wodwala wogonekedwa kunkatenga maminitsi 100 ndi madola 215. David Himmelstein ndi anzake anawerengetsa kuti mu 2017 ntchito za muofesi zinadya 34 pa 100 ya ndalama zaumoyo ku America, pomwe ku Canada zinadya 17. Bungwe la KFF linapeza kuti mu 2023 makampani ogulitsa inshuwalansi kudzera pa HealthCare.gov anakana 19 pa 100 ya mabilu ochokera kwa madokotala ndi zipatala zimene makampaniwo amagwira nazo ntchito, ndipo odwala amene anachita apilo sanakwane ngakhale mmodzi pa 100. Pamwamba pa izo, buku limene lamulo limakakamiza aliyense kuligwiritsa ntchito ndi katundu wa bungwe loima palokha, ndipo chipatala, kampani ya inshuwalansi ndi wopanga mapulogalamu a kompyuta amalipira laisensi kwa AMA.

Koma kodi mlandu wonsewu ndi wa nambala? Ku England nakonso opaleshoni iliyonse imalembedwa ndi nambala, za buku la boma lotchedwa OPCS-4, ndipo akalaliki ake amaphunzira ntchitoyo mozama. Kusiyana kwake n'kwakuti dokotala wa zipatala za boma za NHS amalandira malipiro a pamwezi. Kaya wachotsa khomo ndi kamera kaya ndi mpeni, nambalayo sisintha zimene apite nazo kunyumba, ndipo mayiyo salandira bilu. Ngakhale mu America momwemo, Mayo Clinic imalipira madokotala ake pamwezi. Njira imeneyi nayo ili ndi matenda ake, monga mizere yaitali ya odikira opaleshoni ku England, ndipo alipo amene amati dokotala wa pamwezi alibe chom'fulumizitsa. Chimene England ikuonetsa n'chakuti kulemba ntchito ndi nambala n'kosiyana ndi kumangirira malipiro a munthu pa nambalayo, ndipo zambiri zimene akalaliki a ku America amavutika nazo zimachokera pa chachiwirichi, kuphatikizapo kuchuluka kwa olipira, aliyense ndi malamulo ake.

Kwathu kuno nkhaniyi ingaoneke ya anthu okhuta. Bungwe la IARC linayerekeza kuti mu 2020 amayi 4,145 ku Malawi anapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero ndipo 2,905 anamwalira nayo, ndipo ambiri amafika kuchipatala matenda atapitirira poti n'kuchotsa khomo lokha. Koma ziwerengero zimenezo nazo zinabadwa ku nambala, zolembedwa ndi anthu a kaundula wa khansa ku Blantyre, ndipo aliyense amene analipirapo kuchipatala cholipira kudzera mu sikimu ya zaumoyo, kuno kapena ku Joni, amadziwa kuti fomu yolembedwa molakwika imabweza bilu kwa wodwala.

Ndikaika zonsezi pa sikelo, sindingavomereze onena kuti bukuli litayidwe. Dziko la olipira mazanamazana lopanda nambala zogwirizana lingakhale chipwirikiti, ndipo wodwala sangathe ngakhale kufunsa mtengo, poti malamulo okakamiza zipatala kuonetsa mitengo, lina loyamba kugwira ntchito mu 2021 ndi la No Surprises Act loyamba kugwira ntchito mu 2022, amadalira nambala zomwezi. Kusamala kwake pa njira zatsopano za khansa ndikukuvomerezanso. Chimene sindingachikhululukire ndi ichi: buku likasowa nambala kapena likatsalira m'mbuyo, amene amanyamula katunduyo si mwini buku kapena kampani ya inshuwalansi, koma kalaliki woopa mlandu ndi mayi wodikira kuti amve ngati opaleshoni yake ilipiridwa. Buku limene boma lalisandutsa lamulo liyenera kukhala laulere kuliwerenga, mitengo yake iyezedwe ndi mawotchi a m'zipinda za opaleshoni osati mafomu odzaza eni ntchito, ndipo kuchotsa chitsa ndi kamera kupatsidwe nambala yake. Zimenezi zisanachitike, mayi amene akukonzekera opaleshoni imeneyi ku America afunse ku ofesi ya dokotala nambala ya CPT ndi ya matenda zimene akufuna kutumiza, aimbire kampani yake ya inshuwalansi, ndipo akamva kuti nambalayo ndi 58578 apemphe chilolezo cholembedwa asanagone pa tebulo.